Khomo Linatseguka Ndili mu Eda

Ana anga, Asiyatu, Twaibu ndi iwe Halima, ndikuyamba ndi dzina la Mulungu amene anandisunga m'misewu yonse yomwe ndinayenda. Za ubwana wanga ku Ngokwe ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo mulibe zambiri mmenemo: kutola thonje, sukulu mpaka Sitandade 8, kenako ukwati. Zomwe simuzidziwa bwino ndi za ntchito, chifukwa munkangoona mayi wanu akutuluka ndi chikwama, n'kubwera fumbi lili mpaka m'maondo. Mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ndikalambire pa ntchito ya kafukufuku ndili waganyu, pamene mnzanga Esnati, amene ndinkayenda naye njira imodzi, ali ndi ofesi yakeyake ku Blantyre. Ndimakuyankhani kuti ndi mmene Mulungu analembera. Ndi zoona, koma yankho silinathere pamenepo. Zaka za pakalendala zimandisokoneza, ndiye ndiziwerengera pa inuyo.

Ulongwe, chaka chomwe Twaibu anasiya kuyamwa

Nthawi imeneyo bambo anu ankasoka pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu, ine ndinkagulitsa zitumbuwa pa siteji. Tsiku lina kunaima galimoto yoyera, munatsika amuna atatu onyamula mapepala. Anali a kampani ina ya ku Blantyre yomwe ntchito yake inali kufunsa anthu mafunso. Opanga sopo, ogulitsa mbewu, a mafuta ophikira, akafuna kudziwa chomwe anthu akumudzi amagula ndi chifukwa chake, ankalipira kampani imeneyi kuti ikawafunsire. Amuna atatuwo anali atazungulira osaphula kanthu. Masana eni nyumba amakhala ali kumunda kapena kumsika, ndipo mayi wa Chisilamu sakhala pamphasa ndi mwamuna wachilendo amuna ake kulibe. Komanso kumidzi ya mkati ambiri ankayankha m'Chiyao. Ndiye mkulu wa gululo, a Lipenga, anafunsa pa siteji ngati pali mayi wodziwa kuwerenga amene amalankhula zilankhulo zonse ziwiri, anthu n'kuloza ine.

Nditawauza bambo anu, anaimitsa makina n'kundiyang'ana. "Akulipirani chifukwa cholankhula? Ndiye kuti ine zaka zonsezi ndakhala ndikumva ulere chinthu chogulitsa." Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ndipite ndikaone. Amuna ena pa Ulongwe sakanalola mkazi wawo kukwera galimoto ndi alendo. Iwo analola, ndipo anzawo akawanena ankangoti mkazi wawo amamudziwa ndi iwowo.

Ntchito yoyamba inali ya sopo. Tinkasiya pakhomo zidutswa ziwiri zopanda dzina, china cha chizindikiro chofiira china chobiriwira, n'kubwerera patatha sabata kukafunsa kuti chabwino n'chiti. Ine ndinkangomasulira. Pakhomo pena mayi wina ankazengereza kuyankha, ine n'kumuthandiza m'Chiyao kuti chofiiracho ndiye cha thovu, inenso ndachiyesa. A Lipenga Chiyao sankachimva, koma anaona chala changa chikuloza. Anang'amba pepala lija pamaso panga. Anandiuza, osakweza mawu, kuti sitinabwere kudzaphunzitsa anthu kuchapa, kuti ine ndizipereka funso mmene lalembedwera, yankho n'kulibweza mmene mwini wake walinenera, ngakhale litandiwawa m'khutu. Ndinakalira kuseri kwa mlambe poganiza kuti ntchito yathera pomwepo. M'mawa mwake galimoto inabweranso kudzanditenga. A Lipenga anatisiya kalekale, Mulungu awachitire chifundo, koma phunziro lawo linandilowa m'magazi.

Nayuchi ndi Ngokwe, Halima atayamba kuyenda

Patapita zaka zingapo anandipatsa mapepala anga ndi pensulo kuti ndizifunsa ndekha. Ndikufuna mumvetse mmene makwerero a ntchito imeneyi analili, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pansi penipeni pali omasulira ndi olondolera njira. Pamwamba pawo pali ofunsa mafunso. Kenako pali supavaiza, amene amagawa midzi, kuwerenga mapepala a gulu lake, ndi kubwerera m'makomo ena kukaona ngati tinafikadi. Pamwamba pa supavaiza pali woyang'anira chigawo, ndipo kumtunda kwenikweni kuli aja a ku Blantyre ophatikiza mayankho n'kukauza eni sopo kuti anthu akufuna chakuti. Koma pakati pa wofunsa ndi supavaiza pali mtsinje. Wofunsa ndi waganyu. Kafukufuku akatha amabwerera kwawo kukadikira kuitanidwa, mwina mwezi, mwina mpaka kukolola. Supavaiza ndi wolembedwa ntchito, ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, thandizo la kuchipatala ndi penshoni. Ambiri tinkayang'ana tsidya linalo ngati mmene timayang'anira magetsi a m'tauni tili pamudzi.

Ku Nayuchi n'kumene ndinakumana ndi Esnati. Anali Mlomwe wa komweko, wa Katolika, wamfupi, woyenda ngati akupirikitsa nkhuku, ndipo sukulu analekezera Folomu 2. Ankanditcha Hajati, chonsecho ku Maka sindinapondeko, ine n'kumamutcha Sisteri, chonsecho anali ndi ana anayi. Tinkagona mphasa imodzi m'makalasi a sukulu zomwe ankatibwereka, kufunda chitenje chimodzi udzudzu ukachuluka. Mwezi wa Ramadani, dzuwa la ku Ngokwe likuswa mtengo, ankandilanda chikwama n'kunyamula ziwiri, ndipo chakudya chake ankakadyera kuseri kwa galimoto kuti ndisamuone. Akabwera ndinkamuuza kuti apukute mafuta pamilomo, iye n'kulumbira kuti ndi mafuta odzola, milomo yake imang'ambika ndi mphepo.

Zosowa zinali zambiri. Panali nyengo ina mafuta a galimoto anavuta, tinkakwera sitima mpaka ku Nayuchi, kuchoka pamenepo kabaza kapena wapansi. Mapensulo tinkadula pakati. Mapepala akatha tinkakhala pasukulu paja kudikira kuti atitumizire, masiku n'kumapita osawerengedwa pa malipiro. Alawansi ikachedwa tinkadya mango ndi chinangwa chopatsidwa ndi anthu omwe tinkawafunsawo, ngakhale malamulo a kampani ankaletsa kulandira kanthu pakhomo. Tinakhalanso ndi supavaiza wina, dzina ndisamutchule poti ali ndi ana, amene ankatitsitsa pamphambano n'kukakhala pamthunzi pamalo ogulitsira mowa tsiku lonse, madzulo n'kungosaina mapepala osawerenga. Ine ndi Esnati tinkawerengerana tokha. Wina akadumpha funso, mawa lake tinkalawirira kubwerera pakhomopo kukafunsanso. M'masiku amenewo m'mene ndinayamba kuganiza mumtima, osauza munthu, kuti usupavaiza ndingathe kuugwira.

Balaka, chaka chomwe Asiyatu analemba mayeso a Sitandade 8

Kampani itakula inatsegula kaofesi ku Balaka, chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya zipangizo zaulimi, n'kutumizako Mayi Gondwe kuti aziyang'anira chigawo chathu. Anali mayi wamtali wa kumpoto, wosaseka pachabe, ndipo poyamba tinkawaopa. Iwo sankakhala pamthunzi. Ankavala nsapato zansalu n'kuyenda nafe, ndipo akafika pakhomo la Asilamu ankafunda kumutu osauzidwa ndi munthu. Ankakhala pambali kumvetsera mmene tikufunsira, osanena kanthu, zolakwa zathu n'kudzatiuza tili awiri. Atandiyang'anira choncho miyezi yambiri anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapita mtima uli m'mwamba, ndikusanthula zomwe ndalakwa.

Anandiuza kuti kampani yakonza maphunziro a masabata awiri a masupavaiza atsopano, pa holo ina ku Balaka komweko, aphunzitsi ochokera ku Blantyre. Chigawo chathu chinapatsidwa malo amodzi. Ndipo aka kanali komaliza kutenga munthu poyang'ana zaka zomwe wagwira ndi kagwiridwe kake. Kuyambira chaka chotsatira, wopanda satifiketi ya Folomu 4 sadzaloledwa ngakhale kulembetsa. Iwo anali atapereka dzina langa. Ku Blantyre anakana chifukwa cha Chingerezi changa, iwo anaumirira, anakananso, iwo n'kukwera basi kukalankhula pamaso, mpaka akuluakulu anatopa nawo n'kuvomera. Ndinagwada pansi pomwepo kuti ndiwathokoze. Anandidzutsa msanga, akuti mu ofesi sagwada, ndipo ndiyambe kuzolowera kuimirira chifukwa posachedwa ndizigawa midzi kwa amuna a ndevu.

Ndinkaopa kuti Esnati akhumudwa poti sukulu yake inali yoposa yanga. Nditamuuza anandimenya paphewa. "Hajati, ukakhala bwana uzindipatsa midzi ya m'mbali mwa msewu wa tala. Ya m'mapiri uzipereka kwa anyamata." Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsa mawu a Chingerezi m'njira, ndikalakwa n'kumaseka mpaka kukhala pansi. Bambo anu anagula nsalu ya buluu n'kudula jekete ndi siketi yaitali, akuti supavaiza sangalowe m'kalasi ndi zovala zomwe zinaona zitumbuwa. Ankasoka pang'onopang'ono akapeza mpata pakati pa mayunifolomu a ana asukulu.

Sanamalize. Nyengo yozizira itayamba anadandaula chifuwa ndi kutentha thupi, ife n'kumati ndi chimfine. Mpweya utayamba kubanika tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo sabata isanathe anatisiya. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu. Maphunziro aja anali atatsala masabata atatu.

Ulongwe, m'nyumba ya eda

Inu mukudziwa, koma mwina zidzukulu zidzawerenga. Mkazi wa Chisilamu amuna ake akamwalira amakhala eda, miyezi inayi ndi masiku khumi, osakwatiwa, osadzikongoletsa, kugona m'nyumba yomwe amuna ake anamusiyamo. Amayi anga anali atamwalira kale, ndiye amene anabwera kudzandikhazika anali akulu awo, amayi aakulu Abiti Juma, kuchokera ku Ngokwe. Anasiya thonje lawo lili mbee m'munda kuti adzakhale nane. Ankatiphikira, ankasambitsa Halima, ndipo ndikayamba kulira ankandigoneka pamiyendo pawo ngati khanda. Musadzawaganizire zoipa powerenga izi. Koma malamulo awo anali olimba. Ankati namfedwa satuluka mumpanda, sayankha mwamuna ngakhale moni, savala nsapato, sayang'ana pagalasi. Ankatinso ukaphwanya chimodzi umawaonjezera mavuto amuna ako kumanda. Mawu amenewa ndi amene anandimanga miyendo kuposa ena onse.

Sabata yachiwiri Mayi Gondwe anabwera kudzapepesa, ali ndi Esnati, atanyamula shuga ndi mpunga. Tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda. Mayi Gondwe anapepesa. Kenako anayamba kufotokoza zomwe anakonza. Ena onse adzagona ku Balaka, koma ine galimoto ya kampani izidzanditenga pakhomo m'mawa n'kundibweza swala ya magharibi, pemphero la polowa dzuwa, isanakwane, sindidzagona kunja ngakhale tsiku limodzi. M'kalasi ndidzakhala kumbuyo pafupi ndi amayi anzanga, nditafunda mmene ndingafunire. Anali atalimbananso ndi a ku Blantyre za mafuta a galimotoyo.

Apa m'pamene panali povuta, ana anga. Mayi Gondwe Chiyao sankachimva, ndipo amayi aakulu Chichewa chawo chinali cha moni ndi kumsika. Esnati Chiyao ankangochitola pang'ono. Womasulira pamphasapo ndinali ine ndemwe. Ndinatembenuza mawu a Mayi Gondwe onse, osachotsa, osaonjezera. Amayi aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha osandiyang'ana.

"Auze kuti tathokoza shuga. Auzenso kuti manda a mwamuna wa mwanayu sanamere ngakhale udzu."

Ndinanena m'Chichewa mmene ananenera. Mayi Gondwe anati ndiwauze kuti ana atatu awa adzafuna fizi, ndipo makina osokera aja sadzadzipalasa okha. Ndinanena m'Chiyao. Amayi aakulu anati amene anapereka anawo ndi amene adzapereke chakudya chawo, ndipo pambumba pathu palibe mkazi amene anakwera galimoto ali mu eda. Ndinanenanso. Zinapitirira choncho, mawu akudutsa pakamwa panga kupita uku, kubwerera uko, ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina wa kumudzi komwe tikuchita kafukufuku. Ndikanatha kufewetsa pano, kukometsa apo, palibe akanadziwa. Lilime silinalole. Esnati anali atazolika, akung'amba kaudzu ka mphasa.

Kumapeto Mayi Gondwe anatembenukira kwa ine.

"Abiti Saidi, tsopano ndikufunsa inuyo, osati womasulira. Khomo ili ndaligogoda chaka chathunthu, ndipo likatsekeka silidzatsegukanso. Inuyo mukufuna chiyani?"

Ndinapempha kuti andipatse masiku ochepa. Mawu amenewo okha sindinawamasulire.

Ndinapemphera kwambiri masiku amenewo. Mumtima ndinkafuna kupita, ndisakunamizeni. Ndinaganiza zofunsa shehe wa pamzikiti wathu, umene denga lake linkaoneka ndikaima pampanda. Koma ndikanafunsa bwanji, poti kutuluka n'koletsedwa, kulankhula ndi mwamuna n'koletsedwanso? Ndinatuma mawu kwa achimwene anga, amalume anu Che Yusufu, kuti akandifunsire. Yankho linabwera loti zimenezo ndi za amayi, ndipo iwo sangakaime pamaso pa shehe kufunsa ngati mlongo wawo angathamangire ntchito sadaka ya malemu isanachitike. Anatinso ndiganizire akuchimuna, amene anali atayamba kale kunong'ona kuti mkazi ameneyu anazolowera kuyenda m'magalimoto mwamuna akanali moyo. Zonena za anthu ndikanapirira, ndinali nditazipirira zaka khumi. Chomwe sindinathe kupirira ndi kuganiza kuti bambo anu, munthu amene anandimasula kuti ndigwire ntchito, azivutika kumanda chifukwa cha ntchito yomweyo.

Ndinatumiza mawu kwa Mayi Gondwe kuti ndathokoza kwambiri, koma sinditha. Mawa lake Esnati anabwera yekha, maso ali ofiira. Mayi Gondwe anali atamuuza kuti malo aja apita kwa iye, ndipo iye anali atakana. Anati sangakhale pampando wanga ukanali wofunda, anthu adzati ankayembekezera maliro. Ndinamuuza kuti akakana, adzapatsa mnyamata wa ku Zomba amene azidzatitsitsa pamphambano n'kukakhala pamthunzi.

"Tenga, Sisteri. Bola mpandowo ukhale wa pamphasa pathu."

Tinalira tonse awiri, amayi aakulu n'kubwera kudzatitonthoza, poganiza kuti tikulira malemu. Tsiku lomwe maphunziro anayamba ndinali pakhonde la kuseri, mapazi opanda nsapato, ndikusankha mpunga. Kuchokera pa siteji ndinkamva anyamata akuitanira anthu a ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo ndinasankha mpunga womwewo kawiri.

Zaka za matabuleti, Twaibu ali ku sekondale

Eda itatha ndinabwerera kuntchito, Esnati ali supavaiza wanga. Sanasinthe. Kafukufuku aliyense akabwera, dzina loyamba kuitanidwa linali langa, ndipo fizi yanu yambiri inachokera mmenemo ndi m'mendulo yomwe ndinkagulitsa ntchito ikaima. Chaka chotsatira Mayi Gondwe anayesanso kundipemphera malo, koma ku Blantyre anati lamulo lakhazikika. Anandilimbikitsa kuti ndiyambe sukulu ya masana ya akuluakulu. Ndinalembetsa Folomu 1, ndinakhala pabenchi limodzi ndi ana a msinkhu wa Asiyatu, manyazi ndinawasiya pakhomo. Koma waganyu sasankha tsiku. Akakuitana umapita masabata atatu kumudzi, ukakana mawa sakuitananso. Ndikabwerera m'kalasi ndinkapeza anzanga ali kutali. Ndinapirira materemu awiri, teremu yachitatu ndinasiya.

Pamenepa ndinaona mmene sitepe imodzi imanyamulira zinzake. Esnati, poti anali wolembedwa ntchito, kampani inkamupatsa tchuthi cha mayeso ndi kumuthandiza fizi. Analemba Folomu 4, kenako dipuloma ya kumapeto kwa sabata. Mayi Gondwe atachoka kupita ku banki ina ku Lilongwe, komwe ankafufuza zofuna za makasitomala, chigawo chinatsala m'manja mwa Esnati, ndipo patapita zaka anamuitanira ku Blantyre. Sindinachitepo nsanje, Mulungu ndi mboni, anavutikira yekha mabuku amenewo. Koma ndikamuona akutsika galimoto nditavala chitenje changa cha kumudzi, kamtima kankati thi. Achinyamata a satifiketi ankabwera, ine n'kuwaphunzitsa kuodira pakhomo, kukhala pansi asanatulutse mapepala, kudikira munthu amalize kuswali. Pakatha zaka ziwiri ankakhala masupavaiza anga. Ambiri anali aulemu, ankanditcha mayi, ankandinyamulira chikwama. Ndimawapempherera.

Mapepala atatha kunabwera matabuleti. Anthu ankati ife akale tilephera, koma ine ndinawakonda, chifukwa salola kudumpha funso ndipo sanyowa ngati pepala ukawakulunga bwino. Vuto linali kotchajira ndi maso anga. Kenako makampani anayamba kufunsa anthu pafoni ali ku Blantyre komweko, maulendo akumudzi n'kuchepa. Wofunsa mafunso sapuma pantchito, amangosiya kuitanidwa. Ine ndinazindikira kuti ndapuma dzinja litadutsa, kukolola n'kudutsa, foni osalira. Panalibe penshoni, panalibe kutsanzika. Esnati atamva anabwera yekha ndi anzathu akale angapo, atagula mbuzi ndi ndalama za m'thumba mwake, n'kuuza Che Yusufu kuti aizinge iwowo mwa Chisilamu kuti Hajati asapeze chonamizira. Tinadya, tinaseka, tinakumbutsana za mango a ku Nayuchi. Alhamdulillah, si onse amene amapeza mnzawo wotero.

Chaka chatha, Halima atalowa m'banja

Nditapuma ndinayamba kupita ku maphunziro a amayi pamzikiti Loweruka lililonse. Amatiphunzitsa mtsikana wina wophunzira bwino za chipembedzo, wodekha, msinkhu wa Asiyatu. Tsiku lina mutu unali wa eda. Mphunzitsi wina wa pulayimale amene amuna ake ankadwala anafunsa kuti zikachitika, ntchito yake idzatani. Mtsikanayo anayankha kuti namfedwa amene ali ndi chosowa chenicheni, monga ntchito yodyetsera ana, akhoza kutuluka masana n'kubwerera kudzagona m'nyumba mwake. Akhoza kulankhula ndi mwamuna mwaulemu pa zofunika. Za nsapato ndi galasi anati ndi miyambo ya makolo, si za m'buku, ndipo womwalira salangidwa chifukwa choti mkazi wake wapita kukagwira ntchito.

Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati za munthu wina. Ndinati nanga atakhala maphunziro a ntchito, galimoto ikumutenga m'mawa n'kumubweza dzuwa lisanalowe? Anati palibe cholakwa. Sindinakhutire. Nditatuluka ndinapita kwa shehe, yemwe uja wa nthawi ya maliro a bambo anu, tsopano wokalamba woyenda ndi ndodo. Ndinawafotokozera nkhani yonse. Anagwedeza mutu nthawi yaitali, kenako anati mtsikanayo wanena zoona, ndipo iwo akanandiuza zomwezo.

"Bwanji simunatume munthu, mayi?"

Ndinati ndinatuma, koma sanafike.

Kunyumba ndinakhala pakhonde mpaka swala ya alasiri, ya dzuwa litapendeka, inatsala pang'ono kundidutsa. Eda sindidandaula nayo. Ndi lamulo la Mulungu, ndipo bambo anu anali oyenera kuliridwa. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti ine, amene ndinafunsa alendo m'midzi yosawerengeka za sopo, za mchere, za mbewu, funso limodzi la moyo wanga silinafike pamzikiti woonekera pampanda. Ndimaganiza za chaka chomwe Asiyatu anakhala pakhomo posowa fizi atasankhidwa kukoleji. Ndimaganiza za mankhwala a maondo omwe ndimadikira kuti Twaibu alandire kaye. Kenako ndimapempha chikhululuko, chifukwa munakula, munaphunzira, ndipo palibe anagona ndi njala masiku awiri otsatizana. Koma mtima wa munthu ndi wa munthu, mawa lake umayambanso.

Patapita sabata ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, kenako lole ya ku Ngokwe. Ndinkapita kwa amayi aakulu. Sindinkafuna kukawakalipira, iyayi. Ndinkangofuna kuti adziwe, mwina kuti wina anyamule nane mbali ya katunduyu. M'njira monse ndinkakonza mawu, oyamba ndi otsatira. Ndinawapeza pakhonde, maso anasiya kuona zaka zingapo zapitazo, akusenda nandolo ndi zala zokha, amayi awiri oyandikana nawo akuwathandiza. Atamva mawu anga anasiya lichero, anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, akufufuza makwinya n'kumati ndakalamba kuposa iwo. Kenako anatembenukira kwa amayi aja n'kuyamba kundinyadira. Anati uyu ndi mwana wa mng'ono wawo, amene anakana galimoto, anakana ubwana, n'kusunga eda ya mwamuna wake yathunthu, phazi osaponda kunja kwa mpanda. Anati atsikana a masiku ano sangathe.

"Ine ndilibe zambiri zokaonetsa kwa Mulungu," anatero. "Koma miyezi imeneyo ndinamulondera mwanayu, ndipo imeneyo ndidzapita nayo."

Amayi aja anavomera ndi mitu. Amayi aakulu anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti ndabwera ndi nkhani yanji ulendo wautali chonchi, mwadzidzidzi. Mawu onse omwe ndinakonza pa lole anali pakamwa. Ndinayang'ana zala zawo, zopindika, zobiriwira ndi nandolo.

"Ndangobwera kudzakuonani, amayi."

Ndinakokera lichero pafupi n'kuyamba kusenda nawo. Iwo sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Ndauza inu.